Ndalama za apolisi a ku England: mbiri ya matumba awiri

Chaka chilichonse m'mwezi wa Marichi, pakhomo lililonse ku England ndi Wales pamafika kalata ya msonkho wa nyumba umene eni dziko amautcha council tax. Amalawi amene amachita lendi ku Leicester kapena ku Manchester amaidziwa bwino kalatayi. Ndalama zake amazigawa m'mizere: mzere wa khonsolo, mzere wa ozimitsa moto m'madera ena, kenako mzere wa apolisi. Kwa munthu wozolowera zakwathu, kumene apolisi onse ali pansi pa likulu limodzi ku Area 30 ndipo amalipidwa kuchokera m'bajeti ya dziko, mzere umenewu ndi wodabwitsa. Kumeneko kuli magulu a apolisi 43, lililonse ndi mkulu wake, ndipo lililonse limatapa m'matumba awiri: thandizo lochokera ku boma ku London ndi msonkho wa anthu a m'deralo. Anthu ambiri amaganiza kuti dongosololi linakonzedwa ndi akadaulo pofuna chilungamo. Mbiri ikusonyeza zosiyana. Matumba awiriwa anabadwa pa mkangano wa ulamuliro, ndipo nthawi iliyonse imene boma linawonjezera ndalama linkagula nazo mphamvu pa apolisi. Vuto la masiku ano ndi loti boma labwezera katundu wambiri pamutu pa okhoma msonkho wa nyumba, koma mphamvu zimene linagula lija silinabweze.

Pamene Robert Peel anakhazikitsa Metropolitan Police mu 1829, ndalama zoyendetsera gululi anazipachika pa eni nyumba a m'maparishi a London, ndipo lamulo linati msonkhowo usapitirire mapeni 8 pa paundi iliyonse ya mtengo wa lendi. Koma olamulira apolisiwo sanali maparishi ayi. Anali makomishonala awiri oyankha kwa nduna yoona za m'dziko. Maparishi monga Marylebone anadandaula kwambiri, ndipo dandaulo lawo linali lomveka: akulipira zambiri kuposa kale pamene ankalemba okha alonda a usiku, koma alibe chonena pa kumene wapolisi ayendere. Mu 1833 Nyumba ya Malamulo inavomera kuti thumba la boma lizithandizapo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndalamayi inali yotonthozera odandaula. Ulamuliro wokhawo unakhalabe m'manja mwa nduna kufikira chaka cha 2000, pamene London inakhala ndi bungwe lakelake loyang'anira apolisi.

Kunja kwa London zinthu zinayenda mwa mtundu wina. Lamulo la 1835 linapatsa makhonsolo a matauni udindo wosankha komiti yoyang'anira apolisi, ndipo la 1839 linalola majisitireti a m'zigawo za kumidzi kukhazikitsa magulu awo ngati afuna. Zigawo zambiri zinakana. Eni minda ndiwo ankakhoma gawo lalikulu la msonkho, ndipo sankaona chifukwa cholipirira wapolisi woti akakhalitse bata m'tauni ya mafakitale kutali ndi minda yawo. Panalinso mantha akale oti apolisi olamulidwa ndi boma, monga a ku France, ndi akazitape ovala yunifolomu. Palmerston, amene anali nduna yoona za m'dziko, atayesa mu 1854 kubweretsa bilu yokakamiza matauni ang'onoang'ono kuphatikiza apolisi awo, mameya anaikana mwamphamvu mpaka biluyo inachotsedwa.

Njira inapezeka mu 1856, George Grey ali nduna. Lamulo la chaka chimenecho linakakamiza chigawo chilichonse kukhala ndi apolisi, koma pofuna kuti mankhwala owawawo amezeke, boma linalonjeza kulipira gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama za malipiro ndi zovala. Panali chinthu chimodzi chofunika kukwaniritsa: gululo liyambe lalandira satifiketi yoti likugwira ntchito bwino. Oyendera atatu oyamba, William Cartwright, John Woodford ndi Edward Willis, anali anthu ozolowera mwambo wausilikali. Woyendera ankafika m'tauni, kufoletsa apolisi pabwalo, kuwawerenga poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, kuona majekete ndi nsapato, kusuzumira m'chitokosi, n'kutsegula mabuku a milandu. Akapeza kuti apolisi ndi ochepa kapena chitokosi ndi chonyowa, tauniyo inkamanidwa ndalama chaka chimenecho. Matauni a anthu osakwana 5,000 sankapatsidwa n'komwe, kuti atope okha n'kulowa m'gulu la chigawo chawo. Ena mwa matauni akuluakulu anayamba akana ndalamazo chifukwa ankadziwa kuti walira mvula walira matope: wolandira thandizo walandiranso woyendera. Koma khansala amene wakana ndalama ya boma ayenera kukafotokozera ovota chifukwa chake msonkho wawo wakwera, ndiye kukanako sikunakhalitse. Mu 1874 thandizo linakwera kufika pa theka la malipiro ndi zovala, ndipo mu 1888 matauni a anthu osakwana 10,000 analandidwa magulu awo.

Sitepe yachiwiri yaikulu inadza ndi sitalaka. Mu Ogasiti 1918 apolisi a ku London ananyanyala ntchito chifukwa malipiro anali atatsalira kutali ndi kukwera kwa mitengo m'nthawi ya nkhondo. Chaka chotsatira kunachitika sitalaka ina, imene inakula kwambiri ku Liverpool, kumene anthu anathyola masitolo mpaka boma linatumiza asilikali. Komiti ya Lord Desborough, imene boma linaika kuti iunike malipiro a apolisi, inapeza kuti malipiro ankasiyana tauni ndi tauni malinga ndi kuumira kwa khonsolo. Kuyambira nthawi imeneyo boma linayamba kulipira theka la ndalama zonse zovomerezeka, osati malipiro ndi zovala zokha, ndipo nduna inapatsidwa mphamvu zoika malipiro ndi malamulo a ntchito ofanana m'dziko lonse. Khonsolo inatsala ndi theka la ngongole koma sinathenso kunena kuti wapolisi wake azilandira zingati. Lamulo la 1964 linagawa ulamuliro patatu, pakati pa nduna, mkulu wa apolisi ndi bungwe la m'dera, komanso linatsegula njira yophatikiza magulu, amene kale anali oposa 200.

Kufooka kwa bungwe la m'dera kunaonekera poyera m'zaka za m'ma 1980. Pa sitalaka ya ogwira ntchito m'migodi ya malasha ya 1984 mpaka 1985, makhansala a ku South Yorkshire anayesa kuletsa mkulu wa apolisi kuwononga ndalama pa ntchito yolimbana ndi onyanyala, koma sizinatheke. Posakhalitsa bungwe la ku Northumbria linapita kukhoti kukatsutsa zoti nduna izipereka zipolopolo zapulasitiki ndi utsi wokhetsa misozi kwa mkulu wa apolisi popanda chilolezo chake. Khoti la apilo linaweruza mokomera nduna. Amene ankatolera msonkho wa m'dera anapezeka kuti alibe mawu ngakhale pa zida zogwiritsidwa ntchito m'misewu yawo.

Lamulo la 1994 linasintha chinthu chimene ambiri sanachione msanga. Boma linaleka kulipira gawo la ndalama zimene zagwiritsidwa ntchito, n'kuyamba kupereka ndalama yokhala ndi malire, yowerengedwa ndi masamu ake. Chotsala chonse chinayenera kuchokera ku council tax, msonkho umene unalowa m'malo mwa msonkho wa pamutu wotchedwa poll tax mu 1993. Boma litayamba kudula bajeti mu 2010, apolisi anachepa ndi pafupifupi 20,000 m'zaka zosakwana khumi, ndipo nduna zinayamba kulola kuti mzere wa apolisi pa kalata ya msonkho uzikwera kuti utseke mpata. Lero pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama za apolisi limachokera m'misonkho ya nyumba. Koma chiwerengero cha dziko lonsechi chimabisa zambiri. Ku Surrey, dera la nyumba zodula kumwera kwa London, msonkho wa m'dera umapereka zoposa theka. Ku West Midlands ndi ku Northumbria umapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Chifukwa chake n'chosavuta: nyumba za ku England zinaikidwa m'magulu kuyambira A mpaka H potengera mitengo ya mu 1991, ndipo nyumba ya gulu H imakhoma katatu kuposa ya gulu A. Kumene kuli nyumba zambiri za gulu A, kukweza msonkho ndi mlingo womwewo kumatulutsa ndalama zochepa. Thandizo la boma likadulidwa mofanana paliponse, dera limene limadalira kwambiri thandizolo ndilo limapweteka kwambiri, ndipo nthawi zambiri limenelo ndi dera la umphawi ndi umbanda wambiri.

Oteteza dongosololi ali ndi mfundo zoyenera kuzimvera. Yoyamba ndi yoti msonkho wa m'dera umachititsa apolisi kuyankha kwa anthu. Kuyambira mu Novembala 2012 m'madera ambiri msonkhowu umaikidwa ndi komishonala wosankhidwa ndi anthu, ndiye wosakhutira angathe kumuchotsa pa chisankho. Pachisankho choyamba chija, komabe, anakavota anali pafupifupi 15 pa 100 alionse. Komanso komishonalayo sangakweze msonkho kupitirira malire amene nduna yaika popanda kuyitanitsa riferendamu. Ku Bedfordshire anayesa mu 2015, komishonala Olly Martins atapempha kukweza ndi pafupifupi 16 peresenti, ndipo pafupifupi ovota 7 pa 10 alionse anakana. Ndiye amene amasankha kwenikweni kukwera kwa msonkhowu ndi nduna, imene imalengeza malire n'kuwerengera ndalamazo m'chiwerengero chimene imati chaperekedwa kwa apolisi, pamene mkwiyo wa okhoma umagwera komishonala.

Mfundo yachiwiri ndi yolemera kuposa yoyamba. Apolisi odya m'thumba limodzi lokha amakhala pachiopsezo chotumikira chipani cholamula, ndipo owerenga a m'chigawo chathu cha Africa safunika kuwakumbutsa zimenezi. Mameya a mu 1854 mwina ankateteza matumba awo, koma mantha awo sanali opanda pake. Pachifukwa ichi sindikugwirizana ndi amene akufuna kuti mzere wa apolisi uchoke pa kalata ya msonkho. Koma mfundoyi ikuteteza kugawana mphamvu, ndipo mbiri yasonyeza kuti kulipira kwambiri sikunabweretse mphamvu zambiri m'dera. Mu 2019 boma litalonjeza apolisi atsopano 20,000, gawo la ndalamazo linamangidwa ku chiwerengero cha olembedwa ntchito, njira yomwe ija ya satifiketi ya mu 1856.

Masamu ogawira thandizo nawonso anakalamba. Mu 2015 unduna woona za m'dziko unayesa kuwakonzanso, koma unasiya utavomereza kuti unalakwitsa powerengera, ndipo nduna Mike Penning anapepesa m'Nyumba ya Malamulo. Ntchitoyo inaimikidwa, magulu n'kupitiriza kulandira molingana ndi magawo akale. Boma limene limaika malipiro, malire a msonkho ndi chiwerengero cha apolisi oti alembedwe liyenera kusenza kusiyana kwa pakati pa Surrey ndi West Midlands kudzera m'thandizo lake. Kusiya kusiyanako m'manja mwa mitengo ya nyumba ya mu 1991 ndi kulakwira anthu a m'madera osauka, amene amafuna wapolisi kwambiri.