Kudzibaya ndi singano pa ntchito ya m'chipatala

Kudzibaya mwangozi ndi singano yomwe yabaya kale wodwala ndi imodzi mwa njira zomwe ogwira ntchito m'zipatala amatengera matenda oyenda m'magazi. Odetsa nkhawa kwambiri ndi atatu: HIV, ndi matenda a chiwindi a hepatitis B ndi hepatitis C.

Ambiri amanjenjemera ndi HIV, komatu woopsa pa nkhani ya singano ndi hepatitis B. Mwa anthu 1,000 odzibaya ndi singano ya munthu yemwe ali ndi HIV, amene amatenga kachilomboka ndi pafupifupi atatu. Kwa hepatitis B, mwa anthu 100 osalandira katemera amene adzibaya motero, otenga matendawa angafike 30. Kachilombo kake nkolimbanso moyo: m'magazi ouma kamakhalabe ndi mphamvu kwa masiku 7 kapena kuposerapo. Katemera wake alipo, ndipo wamkulu amabayitsa katatu m'miyezi 6. Ku Malawi katemerayu adalowa m'gulu la akatemera a ana mu 2002, kotero anamwino ndi madokotala obadwa chakachi chisanafike sadamulandire ali makanda. Hepatitis C alibe katemera.

Lamulo lalikulu, lomwe bungwe la CDC la ku America lidalimbikitsa mu 1987, nlakuti magazi a munthu aliyense azitengedwa ngati ali ndi matenda, pakuti nkhope siuza. Magolovesi amateteza khungu ku magazi, koma singano imawaboola. Nchifukwa chake singano yogwira kale ntchito saivindikiranso. Ambiri amadzibaya pomwepo, dzanja likusakasaka kachivindikiro. Imaponyedwa nthawi yomweyo m'bokosi lotayamo zakuthwa, ndipo bokosilo limatsekedwa lisanadzaze. Singano ikasochera m'bini wamba kapena m'nsalu zapabedi, wolasidwa amakhala wokolopa kapena wochapa, yemwe sadziwa nkomwe kuti idabaya yani. Maphunziro a zachitetezo akamawadumpha anthu amenewa, ndiye kuti asiya khomo lotsekula.

Ngozi ikachitika, balalo amalitsuka ndi sopo pamadzi oyenda, osalifinya kapena kuliyamwa, kenako kukanena kwa woyang'anira msangamsanga. Wodzibayayo amayezedwa magazi, ndipo ngati alibe HIV amapatsidwa PEP, mankhwala a ma ARV omwa kwa masiku 28. Mankhwalawa ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, makamaka m'maola oyambirira enieniwo.