Ucar: Mnyamata Waukali Amene Anaphunzira Kudziletsa

Loweruka lina masana gulu lathu linali kusewera mpira ndi anzathu a mpingo wina pa bwalo la fumbi kuno ku Twapia. Mnyamata amene timadalira kutsogolo anapondedwa mwendo, ndipo m'malo modzuka ndi kupitiriza, anaponya cibakera. Masewero anathera pomwepo. Madzulo ake ndinadandaulira agogo anga, ndi kunena kuti mnyamatayo timcotse m'timu. Iwo anangoseka nati, "Mdzukulu wanga, usamtaye mwanayo. Ucar nayenso anayamba conco." Mau amenewo ndiwo anandicititsa kufufuza mbiri ya malemu Godfrey Chitalu.

Chitalu anabadwa pa 22 Okutobala 1947 ku Luanshya, m'komboni ya Mikomfwa. Ali mwana anayesako nkhonya, koma atasamukira ku Kitwe mpira ndiwo unamtenga mtima, ndipo asanakwanitse zaka 20 anali kale m'timu ya Kitwe United. Anali wamphamvu, waliwiro, ndipo mpira ukacoka pa phazi lake, woteteza pagolo anali kungomva kulira kwa ukonde kumbuyo kwake.

Koma mphamvu zimenezo zinali ndi mnzake woipa, ndiye ukali. Chitalu sanali kucedwa kupsa mtima, ndipo oimbira mpira anamdziwa monga mnyamata wovuta. M'caka ca 1967 woimbira mpira wina anamfunsa dzina kuti amlembe m'buku cifukwa ca kulakwa. Iye anayankha mwacipongwe kuti ndiye Denis Law, katswiri wa ku Scotland amene anali kusewerera Manchester United. Pomwepo anatulutsidwa m'bwalo. Anthu anaseka, koma timu inatsala yoperewera munthu mmodzi.

Apa akuluakulu a Kitwe United anacita cinthu cimene ambiri a ife sitikadacita. M'malo momthamangitsa, m'caka ca 1968 anamsankha kukhala kaputeni wa timu, ali ndi zaka 20 cabe. Munthu amene anali kutukwana woimbira mpira tsopano ndiye anayenera kuletsa anzake. Ukali sunathe tsiku limodzi, koma zipatso zinaoneka msanga. Caka comweco anamwetsa zigoli 81, nakhala woyamba kulandira mphotho ya wosewera wopambana onse m'Zambia. Mphotho imeneyi anailandira kasanu: mu 1968, 1970, 1972, 1978 ndi 1979.

Mu 1971 anapita ku Kabwe Warriors, timu ya anchito a pa njanji. Dzina lakuti "Ucar" anampatsa ndi a Dennis Liwewe, oulutsa mpira pa wailesi, pomuyerekeza ndi mabatire a dzina lomwelo, amene anthu anali kuwatama kuti sakutha mphamvu msanga.

Caka cimene makolo athu saiwala ndi 1972. Kumayambiriro kwa cakaco Warriors inakumana ndi Majantja ya ku Lesotho pa mpikisano wa akatswiri a mu Africa. Ku Lesotho analepherana 2-2, ndipo zigoli zonse ziwiri za Warriors zinali za Chitalu. Pa masewero obwereza kuno ku Ndola, pa bwalo lakale la Dag Hammarskjöld, Warriors inapambana 9-0, ndipo zigoli 7 zinali zake yekha. Timu yake inasesa zikho zonse za m'dziko muno caka cimeneco. Pomaliza anampatsa mpira wolembedwa dzina lake ndi nambala 107, ndiyo kuculuka kwa zigoli zake, osawerengera 9 zija za Majantja, popeza anazimwetsa nyengo ya mpira isanayambe m'Zambia.

Sikuti njira yake inali yosalala. Pakati pa zaka za m'ma 1970 anasiyidwa m'timu ya dziko kwa nthawi yaitali, ndipo ena anati kwake kwatha. Mnyamata wa 1967 uja akadatukwana ndi kutaya zonse. Koma iye anapitiriza kusewerera Warriors mpaka anamuitananso mu 1977, ndipo mphotho zake ziwiri zomaliza anazilandira atapyola zaka 30. Mu 1980 anamwetsa cigoli pa masewero a Olympics ku Moscow. Zigoli zonse zimene anamwetsera dziko la Zambia ndi 79, ndipo palibe wina amene wafikapo.

Atasiya kusewera anakhala mphunzitsi wa Kabwe Warriors, kenaka wa timu ya dziko. Pa 27 Epulo 1993 ndege imene inanyamula timuyo kupita ku Senegal inagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville ku Gabon. Anthu onse 30 anafa, osewera 18 pamodzi ndi mphunzitsi wao Chitalu, amene anali ndi zaka 45. Anaikidwa ku Heroes Acre, pambali pa bwalo la Independence ku Lusaka. Mu 2012, pamene Lionel Messi anamwetsa zigoli 91 ndi kupyola 85 za Gerd Müller, a FAZ anakumbutsa dziko lonse za 107 za Ucar. Bungwe la FIFA silinazivomereze, koma bwalo la mpira ku Kabwe lero limadziwika ndi dzina lake.

Abale ndi alongo, kumbukirani kuti Petro, amene anasolola lupanga m'munda nadula khutu la munthu, ndi yemweyo amene Ambuye anampatsa nkhosa zake kuti aziwete. M'magulu mwathu muli anyamata ndi atsikana otero, amphamvu koma a mtima wapacala. Kuwathamangitsa n'kosavuta, koma akacoka pa mpingo apita kuti?

Mnyamata wathu uja tinakhala naye pansi. Anapita yekha kukapepesa kwa amene anammenya, ndipo tsopano ndiye amasunga mpira ndi kutsogolera pemphero tisanalowe m'bwalo. Kaya adzapirira mpaka liti, tidzaona, ife tikumpempherera. Pa msonkhano wanu wa sabata ino kambiranani funso ili: kodi m'gulu lanu ndani amene mwatopa naye, ndipo ndi udindo wotani umene mungampatse?