Mbiri ya Njira Ziwiri Zolembera Masamba a pa Intaneti

Tsamba lililonse la pa intaneti limakhala ndi mbali ziwiri: mbali imene wowerenga amaiona pa sikirini, ndi mbali yobisika, yomwe ndi fayilo ya mawu osakanikirana ndi zizindikiro za HTML, chinenero chouza kompyuta kuti mawu awa ndi mutu, awa ndi ndime, ndipo awa akadinidwa atsegule tsamba lina. Chizindikiro chilichonse chimalembedwa pakati pa < ndi >, moti chilembo p chikaikidwa pamenepo chimatsegula ndime, pamene h1 amatsegula mutu waukulu. Bulawuza, yomwe ndi pulogalamu yowerengera masambawa, ndi imene imamasulira zizindikirozo n'kuzisandutsa maonekedwe. Mbali ziwirizi ndi zimene zinabala mitundu iwiri ya mapulogalamu okonzera masamba. Ena amaonetsa mawu ndi zizindikiro zokhazokha, wolemba n'kumatayipa yekha chilichonse, pamene ena amabisa zizindikirozo n'kumuonetseratu mmene tsamba lidzaonekere, iye n'kumangodina mabatani.

Ambiri amaganiza kuti kulemba pamanja ndiko kunayamba ndipo mapulogalamu oonetseratu anadza pambuyo, koma sizinayende choncho. Pulogalamu yoyamba yowerengera masamba, imene Tim Berners-Lee analemba mu 1990 ku CERN, malo ofufuzira za sayansi pafupi ndi Geneva, inkatchedwa WorldWideWeb, ndipo inkalola munthu kuwerenga tsamba komanso kulikonza pomwepo osaona chizindikiro n'chimodzi chomwe. Nzeruyi sinali yachilendo, chifukwa mu 1974 akatswiri a ku Xerox PARC anali atapanga kale Bravo, pulogalamu yolembera imene inkaonetsa pa sikirini zofanana ndi zodzatuluka papepala, njira yomwe pambuyo pake inadziwika ndi chidule chakuti WYSIWYG. Chovuta chinali chakuti pulogalamu ya Berners-Lee inkagwira ntchito pa makompyuta a NeXT okha, omwe anali okwera mtengo ndiponso osowa. Mapulogalamu amene anafikira anthu ambiri, monga Line Mode Browser ya Nicola Pellow mu 1991 ndi Mosaic ya Marc Andreessen ndi Eric Bina mu 1993, anali owerengera chabe. Motero wofuna kuika tsamba lake anayenera kutsegula vi kapena Emacs pa Unix, Notepad pa Windows, kapenanso BBEdit pa Macintosh, n'kuyamba kutayipa. Kulemba pamanja kunakhazikika chifukwa cha kusowa kwa chida, osati chifukwa chakuti panali amene anakusankha.

Komabe kusowako kunabala chizolowezi chabwino. HTML yoyambirira inali ndi zizindikiro 18 zokha, ndipo bulawuza inkalola aliyense kuona zolembedwa kumbuyo kwa tsamba la mnzake, choncho munthu akaona tsamba lomusangalatsa ankalitsegula kumbuyo, kukopera, kusintha apa ndi apo, n'kuona chimene chachitika. M'badwo woyamba wa okonza masamba unaphunzira ntchito m'njira imeneyi, wopanda mphunzitsi kapena satifiketi. Mapulogalamu monga HotDog ya ku Australia ndi HomeSite ya Nick Bradbury anangopeputsa kutayipako, koma zizindikiro anazisiya poyera.

Makampani ataona kuti ofuna masamba achuluka kuposa ofuna kuphunzira HTML, anabweza nzeru yakale ija. Adobe inatulutsa PageMill mu 1995, ndipo chaka chomwecho kampani yaing'ono ya Vermeer Technologies inatulutsa FrontPage, yomwe Microsoft inaitenga mu January 1996 pogula kampaniyo ndi ndalama pafupifupi madola 133 miliyoni. Netscape nayo inaika chokonzera masamba m'bulawuza yake ya Navigator Gold. Phindu la zidazi siliyenera kuchepetsedwa, pakuti mphunzitsi, wamalonda ang'onoang'ono kapena mlembi wa bungwe, amene analibe nthawi yoloweza zizindikiro, anatha kuika uthenga wake pamaso pa dziko m'tsiku limodzi.

Vuto linagona pa lonjezo lenileni la zidazi, lakuti zimene wolemba akuona ndizo wowerenga adzaone. Pepala lili ndi muyeso wake, ndipo chosindikizidwa pamenepo sichisuntha, koma tsamba la pa intaneti limawerengedwa pa masikirini osiyana kukula, m'mabulawuza osiyana khalidwe, ndi anthu amene angathe kukulitsa zilembo mmene afunira. Zimene wolemba akuona kwake si zimene wowerenga aliyense adzaone. Pofuna kukakamiza tsamba kuti likhale ngati pepala, mapulogalamu oonetseratu anatengera njira imene okonza masamba a nthawiyo ankagwiritsa ntchito, yomwe buku la David Siegel la mu 1996 lotchedwa Creating Killer Web Sites linaifalitsa kwambiri: kugawa tsamba ndi matebulo osaoneka mizere, tebulo lina mkati mwa linzake, ndi kutsekera mipata ndi kachithunzi kosaoneka kokula kadontho kamodzi ka sikirini. Kuwonjezera apo, pulogalamu sinkadziwa cholinga cha wolemba, inkangolemba zimene dzanja lake lachita. Munthu akadetsa liwu, n'kulisintha mtundu, kenako n'kusintha maganizo n'kulifufuta, nthawi zambiri kumbuyo kunkatsala zizindikiro zotsegula ndi zotseka zopanda kanthu pakati, ndipo akakankha mawu ndi batani la mpata kunkadzaza zizindikiro za mipata mzere wathunthu. Tsamba lotere linkafanana ndi nsalu yopetedwa mothamanga, kumaso maluwa okongola koma kumbuyo ulusi uli piringupiringu. Linkalemera, linkachedwa kutseguka pa intaneti yodzera m'mawaya a lamya, ndipo wodzalikonza pambuyo ankasowa poyambira. FrontPage inawonjezera mtolo wina, chifukwa zina mwa zimene inkapanga zinkagwira ntchito pokhapokha seva, kompyuta yosunga masambawo, itakhala ndi mapulogalamu apadera a Microsoft.

Chimene chinkapweteka kwambiri olemba pamanja n'chakuti mapulogalamu ena akatsegula fayilo yolembedwa mwaudongo ankailembanso mwa njira yawo popanda kufunsa. Kampani ya Macromedia inamva dandauloli, ndipo potulutsa Dreamweaver mu December 1997 inalonjeza kuti pulogalamuyo sidzasokoneza zizindikiro zimene munthu walemba yekha. Pambuyo pake inalola kuti sikirini igawidwe pawiri, zizindikiro mbali ina, maonekedwe mbali ina, ndipo kwa zaka zingapo Dreamweaver ndiyo inali chida cha ambiri okonza masamba mwaganyu.

Chimene chinagwetsa mapulogalamu oonetseratu a m'badwo umenewo si chida china koma kusintha kwa kaganizidwe. Mu December 1996 bungwe la W3C, lokhazikitsa malamulo a masamba a pa intaneti, linavomereza CSS, njira yopangidwa ndi Håkon Wium Lie ndi Bert Bos, yolekanitsa maonekedwe ndi zolembedwa, kuti HTML izingonena chimene mawu ali, ndipo mtundu, kukula ndi malo ake zizilembedwa m'fayilo ina imodzi yolamulira masamba onse. Gulu la Web Standards Project, lomwe linayamba mu 1998, linaumiriza opanga mabulawuza kutsata malamulowa, ndipo mu 2003 Dave Shea anatsegula CSS Zen Garden, pomwe HTML imodzimodzi inkaoneka mosiyana kotheratu pongosintha fayilo ya CSS. Apa nkhani inaposa ya udongo chabe. Munthu wosaona amagwiritsa ntchito pulogalamu yomuwerengera tsamba mokweza, ndipo amadumpha kuchoka pa mutu wina kufika pa wina. Mawu amene angokulitsidwa n'kudetsedwa amaoneka ngati mutu kwa openya, koma kwa pulogalamuyo ndi mawu wamba, ndipo munthuyo amasochera. Wodziwa zizindikiro ankapewanso mavuto ena, monga a chilembo cha ŵ cha m'Chichewa, chomwe munalibe m'ndandanda wa zilembo wa ISO-8859-1 umene masamba ambiri oyambirira ankatsata, koma chinkatheka kulembedwa pamanja ndi nambala yake ya Unicode, 373. Zinthu zitasintha chonchi, Microsoft inasiya FrontPage mu 2006.

Kuoneratu maonekedwe sikunafe, koma kunasamukira m'malo ochepa. Masamba ambiri analeka kukhala mafayilo olembedwa limodzilimodzi, n'kuyamba kusonkhanitsidwa ndi pulogalamu ya pa seva, yomwe imatenga nkhani m'nkhokwe n'kuziika m'chimango chokonzedweratu. WordPress, imodzi mwa mapulogalamu otere, imene Matt Mullenweg ndi Mike Little anayambitsa mu 2003, inalandira cholembera choonetseratu mu December 2005, ndipo pambuyo pake wolemba ankatha kudumpha pakati pa maonekedwe ndi zizindikiro. Ntchito inagawika mwanzeru: katswiri amamanga chimango ndi cholembera mawu okhaokha, monga Visual Studio Code ya mu 2015, pamene mtolankhani kapena mlembi amalemba nkhani yake m'kabokosi kamene sikamulola kugumula chimangocho. Markdown ya John Gruber, ya mu 2004, inaima pakatikati, pakuti ndi mawu wamba okhala ndi zizindikiro zochepa zowerengeka ndi maso.

Ngakhale zili choncho, mkangano umabukanso nthawi iliyonse imene chida chakakamizidwa pa anthu ozolowera chinzake. Mu July 2013 Wikipedia ya Chingerezi inayatsira olemba ake VisualEditor pofuna kukopa atsopano amene ankaopa zizindikiro, koma olemba akale anadandaula kuti inali ndi zolakwika zambiri ndipo inkawononga zolembedwa, moti pofika September chaka chomwecho inabwezedwa kuti aziyatsa yekha woifuna. Cholinga chinali chabwino ndithu, koma chidacho chinatulutsidwa chisanapse. WordPress itabweretsa cholembera cha Gutenberg mu December 2018, mawebusayiti mamiliyoni anaika kapulogalamu ka Classic Editor kuti abwerere ku cholembera chakale.