Toyota, Nissan kapena Honda? Kusankha galimoto yaing'ono yoyendera ku Chifunde

Mwalima fodya kapena soya zaka zingapo, mwasunga ndalama, tsopano mtima uli pa galimoto. Mwina mukufuna yoyendera pakati pa Luia ndi Tete, yothamangitsira wodwala kucipatala, kapena yonyamula anthu kuti izibweretsa kangacepe. Ndalama imeneyi simudzaipezanso mawa. Galimoto ikafa pakangopita miyezi itatu, nkhuku n'kuyamba kuikira mazira pansi pake, thukuta la zaka zonse zija lapita.

Pano tikukamba za sedani. Imeneyi ndi galimoto yaing'ono ya zitseko zinayi, yokwera anthu asanu, ndipo kumbuyo ili ndi buti yotsekeka payokha. Zambiri zimene mumaziona mumsewu zinayamba zayenda kale ku Japan. Kumeneko galimoto imapimidwa ikatha zaka 3, kenako pa zaka 2 zilizonse, ndipo kupimitsako n'kodula. N'cifukwa cake ambiri amaigulitsa ikadali bwino. Imabwera pa sitima yapamadzi n'kutsikira ku Beira, Maputo, Durban kapena Dar es Salaam. Ku Japan amayendetsa kumanzere kwa msewu monga kuno kwathu, conco ciwongolero cimakhala kumanja, mmene timafunira.

Galimoto yodalirika ndi yotani?

Ku America kuli bungwe lochedwa Consumer Reports. Caka ciliconse limafunsa eni magalimoto ambirimbiri kuti anene zimene zinawonongeka. Kawirikawiri Toyota ndi Lexus zimakhala pamwamba, ndipo Honda ndi Mazda sizikhala kutali. Zimenezi n'zothandiza kudziwa. Koma anthu amenewo amayenda pa phula losalala, ndipo galaja ili pafupi ndi nyumba yawo. Inu muli ku Mualadzi kapena ku Nsadzu. Kwa inu mafunso ndi awiri. Kodi imawonongeka kangati? Nanga ikawonongeka, cipangizo cake mucipeza kuti, ndipo ndani angacimange? Funso laciwirili ndi limene limagoneka magalimoto ambiri pakhomo.

Toyota

Corolla yoyamba inatuluka mu 1966, ndipo pofika mu 2021 anali atagulitsa zoposa 50 miliyoni. Za kuno zambiri ndi Corolla NZE121 ya zaka za 2000 mpaka 2006, ndi Corolla Axio imene inayamba mu 2006. Palinso Belta, yocepako thupi, ndi Premio ndi Allion, zokulirapo.

Mphamvu ya Toyota yagona pa injini imodzi yochedwa 1NZ-FE, ya malita 1.5. Injini yomweyi ili mu Corolla, mu Axio, mu Probox, mu Sienta, mu ist, ngakhale mu Premio ndi Allion zina. Taganizirani: pampu ya madzi ikafa, wogulitsa zipangizo ku Tete, ku Katete kapena ku Chipata sakudabwani, cifukwa amagulitsa zomwezo tsiku ndi tsiku. Makaniko wa pansi pa mtengo wa mango anaitsegulapo kale kambirimbiri. Injiniyi imayendera cheni m'kati, osati lamba. Corolla zakale za m'ma 1990 zili ndi lamba amene amafunika kusintha ikayenda makilomita pafupifupi 100,000. Mukagula yakale yoteroyo, funsani kuti lambayo anasinthidwa liti.

Komatu si Toyota iliyonse imene ili yofatsa. Premio ndi Allion zoyambirira za malita 2.0 zili ndi injini yolembedwa D-4. Imeneyi imafuna petulo woyera kwambiri, ndipo amakaniko ambiri akumudzi amaiopa. Ngati mumagula petulo wa m'mabotolo m'mphepete mwa msewu, ithaweni, tengani ya 1.5 kapena 1.8. Vuto lina ndi mtengo. Popeza aliyense amafuna Toyota, wogulitsa amakweza, ngakhale galimotoyo itatopa.

Nissan, ndi nkhani ya giyabokosi

Tiida Latio ndi Bluebird Sylphy nthawi zambiri zimachipa kuposa Corolla ya caka comweco. M'kati ndi motakasuka, mipando yofewa, ndipo injini yake si yoipa ayi. Cimene anthu amadandaula naco ndi giyabokosi ya mtundu wa CVT.

Giyabokosi zilipo zamitundu itatu imene mungakumane nayo. Yoyamba ndi ya manja, yoponda kilachi. Iyi ndi yolimba, yochipa kukonza, ndipo batire ikafooka anyamata akhoza kukukankhani n'kuliza. Yaciwiri ndi ya otomatiki wamba ya magiya anayi, ngati ya mu NZE121. Nayonso imapirira. Yacitatu ndi CVT. M'kati mwake muli lamba wacitsulo amene amayenda pakati pa mawilo awiri. Imamwa petulo pang'ono, koma siikonda katundu wolemera, siikonda kutentha, siikondanso kukakamizidwa m'matope. Imafuna oyilo wakewake. Nissan za zaka zimenezo zimafuna wolembedwa NS-2, za Toyota wolembedwa TC kapena FE. Mukathira oyilo wa otomatiki wamba, mwaipha ndi manja anu. Ndipo CVT ikafa, kawirikawiri sakonza, mumagula ina yathunthu.

Tiida Latio zina zili ndi CVT, zina otomatiki wamba. Axio ndi Belta zambiri nazonso ndi za CVT. Ndiye musangoona dzina pa buti. Funsani kuti giyabokosi ndi yanji.

Honda, Mazda ndi za ku Ulaya

Honda imapanga injini zabwino zosamwa mafuta. Fit Aria ya 2002 mpaka 2008 imayenda mtunda wautali ndi petulo wocepa, koma zambiri zili ndi mapulagi 8 m'malo mwa 4, ndipo CVT yake ikatopa imanjenjemera ponyamuka. Honda Grace, yoyambira mu 2014, zambiri ndi za hybrid, kutanthauza kuti zimayendera petulo ndi batire yaikulu yamagetsi. M'tauni n'zabwino. Kumudzi, vuto la magetsi likabuka mufunika munthu wa kompyuta, ndipo ameneyo ali kutali. Mazda Axela ndi yolimba ndithu, kungoti zipangizo zake sizipezeka paliponse ngati za Corolla.

Volkswagen Polo Vivo imapangidwa ku Kariega, ku South Africa. Ya magiya a manja ndi yosavuta, ndipo ngati muli ndi m'bale ku Joni akhoza kukutumizirani zipangizo. Nanga Mercedes-Benz ndi BMW zakale, zija zimagulitsidwa mtengo wokopa? Zokongola zedi, pa ukwati anthu amatembenuka. Koma kacipangizo kamodzi kakhoza kudya ndalama ya matumba ambiri a cimanga.

Msewu wanu ukuti bwanji?

Sedani ndi yaifupi miyendo. Kucoka pansi kufika pa mimba pake ndi masentimita 15 okha kapena kuposerapo pang'ono, pamene Hilux imapitirira 20. Mukakweza anthu asanu ndi matumba awiri, imatsikanso. Pa msewu wa N9, wocoka ku Tete kupita ku Cassacatiza, sedani imayenda, bola muzicenjera ndi maenje ndi malole akuluakulu opita ku Zambia. Koma ngati kwanu ndi kopatuka, kwa miyala ndi timitsinje, mvula ikayamba mu Novembala mpaka Marici galimotoyo izikhala pakhomo masiku ambiri. Mwala umodzi ukaboola poto wa oyilo pansi pa injini, inu osaona, injini yatha. Zimenezi sizisankha Toyota kapena Nissan. Ena amamangitsa citsulo cochinga pansi. Ena amaona kuti Probox kapena kapikapu ndiye koyenera kwawo.

Musaiwale kutentha. Mukatsikira ku Tete mu Okutobala dzuwa limapitirira madigiri 40. Rediyeta yotsekeka ndi fumbi, kapena yothiridwa madzi a pacitsime, imawiritsa injini ya mtundu uliwonse.

Tsiku lokaona galimoto

Nissan yosamalidwa bwino iposa Toyota imene inazunzidwa. Conco pitani ndi makaniko amene mumamudziwa inuyo, osati wobwera ndi wogulitsa. Fikani m'mawa injini isanalizidwe, cifukwa injini yozizira siibisa matenda. Utsi wabuluu ndiye kuti ikudya oyilo. Tsegulani cotsekera oyilo: mukaona zoyera ngati mkaka wosasa, madzi akulowa mu injini. Iyendetseni pokwera, mumve ngati giyabokosi ikulira kapena kugwedeza. Gwadani muone pansi ngati pali dzimbiri kapena podontha. Nambala ya makilomita musaikhulupirire kwambiri, ena amaibweza m'mbuyo. Ciwongolero cosalala ndi mpando wobooka zimanena zoona kuposa nambalayo.

Kenako mapepala. Pafunika livrete ndi título de propriedade, ndipo dzina la pa título likhale la amene akukugulitsani. Nambala ya chassis yolembedwa pa pepala ifanane ndi yodindidwa pa citsulo ca galimoto. Iwerengeni nokha, cilembo cimodzicimodzi, musacite manyazi kucedwa. Popeza tili m'malire, mudzapeza zochipa za nambala ya ku Zambia, Malawi kapena South Africa. Yoteroyo iyenera kulipiridwa msonkho ku Alfândega kuti ilembetsedwe kuno, ndipo msonkhowo si wamasewera. Kafunseni kaye mtengo wake musanapereke ndalama. Pa ndalama zanu zonse, siyani zina pambali za seguro, inspecção, oyilo watsopano, mafyuluta ndi matayala, cifukwa matayala obwera nayo kucokera ku Japan nthawi zambiri amakhala okalamba ngakhale akuoneka ndi mano.