Kalata ya ku Joni ndi Amai Amene Adaphunzira Kuŵerenga

Tikamalemba mbiri ya sukulu za Eklezia m'dziko muno, kaŵirikaŵiri timasimba za anyamata: aja adasanduka aphunzitsi, akatekisti, akalaliki a ku boma, ndi oŵerengeka amene adafika pa unsembe. Za amai amene adayamba kugwira sileti ali kale ndi mwana kumsana, mabuku athu anena zochepa. Pano tifuna kuyang'ana mbali imodzi ya nkhani yao, ndiyo ya kalata yochokera ku Joni kapena ku Halale, pamodzi ndi chinyengo chimene chinkatsagana nayo.

Ansembe a Montfort adafika ku Nzama m'chaka cha 1901, ndipo a White Fathers adakhazikika ku Mua mu 1902 ndi ku Kachebere mu 1903. Pa nthaŵi imeneyo amuna adali atayamba kale maulendo a kumwera, kukafuna ndalama za msonkho ndi za nsalu. Komiti imene boma la atsamunda lidakhazikitsa mu 1935, yotsogozedwa ndi Travers Lacey, idapeza kuti amuna ngati 120,000 a ku Nyasaland adali kunja kwa dziko. Ambiri ankabwera patapita zaka ziŵiri kapena zitatu. Ena adasanduka matchona, osaonekanso konse.

Tiganize tsono za mai wachikhristu wotsala pamudzi. Eklezia adamuphunzitsa kuti ukwati wa m'tchalitchi sutha mpaka imfa. Koma pa mwambo wa chikamwini, mkamwini akasoŵa nthaŵi yaitali, abale a mkazi sankaona cholakwa kumuuza kuti apeze wina womulimira munda ndi kumufolerera nyumba. Akamvera abale, ankatsekeredwa masakramenti. Akamvera Eklezia, ankalima yekha ndi kulera ana yekha. Chingwe chokha chimene chinkamulumikiza ndi mwamuna wake chidali kalata, ndipo kalatayo sankatha kuiŵerenga.

Ankainyamula kupita nayo kwa mphunzitsi, kwa katekisti kapena kwa kalaliki wa pa sitolo. Munthu ameneyu ndiye ankayamba kudziŵa ngati mwamuna ali moyo, ngati watumiza ndalama ndiponso zingati, ngati abwera chaka chino kapena wapeza mkazi wina kumeneko. Poyankha, maiyo ankatchula mau ake pamaso pa mwamuna wachilendo, amene ankasankha zolemba ndi zosiya. Za kumtima, zimene mkazi amauza mwamuna wake yekha, zinkatsalira kukhosi. Aphunzitsi ndi akatekisti ochuluka adagwira ntchito imeneyi mokhulupirika, popanda malipiro, ndipo Eklezia ali nao ngongole. Komabe akuluakulu m'midzi amakumbukanso ena amene ankadumpha mzere wonena za ndalama, ndi ena amene, atadziŵa kusungulumwa kwa maiyo kuchokera m'kalata momwemo, ankabwera madzulo kudzamusangalatsa. Mai wotere ankayesedwa ndi munthu yemwe sakadatha kumuthaŵa, popeza kalata yotsatira idayenera kupita kwa iye yemweyo.

Kodi ife Akatolika tidachitapo chiyani? Tiyenera kuvomera kuti tidachedwa. A White Fathers, potsata malangizo a Kardinala Lavigerie, ankasunga akatekumeni zaka zinai, ndipo katekisimu ankaloŵeza pamtima. Njira imeneyi idaumba Akhristu olimba, odziŵa mapemphero ndi malamulo mpaka ukalamba wao. Koma mai ankatha kubatizidwa, kulandira Ukaristia ndi kukwatitsa ana ake asanazindikire ngakhale lemba loyamba la dzina lake. Abale athu a ku Nkhoma ndi a ku Blantyre adali ndi Buku Lopatulika lonse kuyambira 1922, ndipo ankalimbikira kuti Mkhristu aziŵerenga yekha Mau a Mulungu. Bungwe la amai la Chigwirizano, limene lidayamba mu 1940, lidakulira m'mwambo umenewo. Ife tidalandira Baibulo lathunthu m'chinenero chathu, Malembo Oyera a Bambo Louis Villy, m'chaka cha 1966.

Amene adatsegula khomo kwathu kuno ndi asisteri. A Daughters of Wisdom adafika mu 1904, a White Sisters mu 1911. Kenaka Ambuye Louis Auneau adayambitsa chipani cha Atumiki a Maria Virgo Woyera mu 1925, ndipo Ambuye Mathurin Guillemé adayambitsa cha Asisteri a Tereza Woyera mu 1929. Asisteri a kuno kwathu ankadziŵa bwino moyo wa mai wa mtchona, pakuti ena mwa iwo adaleredwa ndi amai otero. Pa misoni ankasonkhanitsa atsikana ndi amai okwatiwa, nkumaŵaphunzitsa kusoka, kusamala ana ndi ukhondo, ndipo kuŵerenga kunkaloŵa pakati pa zimenezo. Nthaŵi zambiri kunkabwera pamapeto, dzuŵa litapendeka, ngati ndiwo zoonjezera. Ngakhale zidali choncho, mai amene watha kugwirizanitsa malembo a nyimbo ya m'buku sankachedwa kuyesa kalata ya mwamuna wake.

Zinthu zidasintha kwambiri utatha Msonkhano wachiŵiri wa ku Vatican, wa 1962 mpaka 1965. Misa idayamba kuchitika m'Chicheŵa, ndipo akhristu eni ake adayamba kuimirira kuŵerenga. Pa sinodi ya dayosizi ya Lilongwe ya 1973 mpaka 1975, motsogozedwa ndi Ambuye Patrick Kalilombe, miphakati idaikidwa kukhala maziko a moyo wa Eklezia. Pa mphakati palibe wansembe woti aŵerenge Mthenga Wabwino. Aŵerenge ndi mmodzi wa osonkhanawo, ndipo osonkhana ochuluka ndi amai. Choncho pamene boma lidayambitsa ndondomeko ya dziko lonse ya sukulu za kwacha mu 1986, ophunzira ambiri adali amai, ndipo makalasi ena ankakumana m'matchalitchi. Ulendo wa ku migodi udali utayamba kale kuchepa: ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu Epulo 1974, nkupha anthu a ku Malaŵi oposa 70, Pulezidenti Banda adaimitsa kulemba anthu ntchito ya ku migodiko kwa zaka zingapo.

Apa pali mfundo imene ife abusa sitiiganizira mokwanira. Mai amene adaphunzira kuŵerenga adamasuka m'manja mwa kalaliki, koma posachedwa mpando wa kalalikiyo udakhala wake. Anzake adayamba kumubweretsera makalata ao, makadi a ku chipatala ndi ziphaso za ubatizo. Adasankhidwa kukhala mlembi kapena msungichuma wa mphakati, wosunga kope limene anzake ambiri sangalitsutse. Zinsinsi za mabanja a m'mudzi zidayamba kudzera pakamwa pake, ndipo tambala ya mtulo idayamba kugona m'nyumba mwake chaka cha njala. Pokonzekera ubatizo tidamuphunzitsa kukana Satana ndi ntchito zake zonse. Sitikumbukira kuti tidakhalapo naye pansi kukamba za chikumbumtima cha munthu woŵerengera mnzake kalata, pamene mwini wake akungoyang'ana milomo yake.

Padadzanso kalata ina imene idayesa oŵerenga onse. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya Maepiskopi ya nyengo ya Lenti idaŵerengedwa m'matchalitchi a dziko lonse, ndipo boma lidagamula kuti kupezeka nayo ndi mlandu. Wosadziŵa kuŵerenga akadatha kunena moona kuti sadziŵa za m'katimo. Wodziŵa adayenera kusankha: kuitentha, kuipereka ku polisi, kapena kuibisa ndi kuŵerengera anzake.

Masiku ano amuna akupitabe ku Joni, pa basi, ndipo uthenga ndi ndalama zikubwera pa foni. Amai osadziŵa kuŵerenga akadali ochuluka kuposa abambo. Ndalama zikafika, mai wotere amapita pa kanyumba ka pamsika, napereka foni yake kwa mnyamata wosinthitsa ndalama, nkumuuzanso nambala yake yachinsinsi kuti amutayipire.