Kusula madokotala a ziweto poyesa luso pa ntchito

Maphunziro oyesa luso pa ntchito ndi njira yosulira madokotala a ziweto yomwe imaweruza wophunzira potengera zimene akutha kuchita pa chiweto chenicheni, osati zaka zimene wakhala m'kalasi kapena malikisi a mayeso olemba okha. Wophunzirayo amagwira ntchito m'chipatala cha ziweto, m'makola ndi kophera nyama, mphunzitsi akuonerera ndi kulemba zimene waona.

Chiyambi chake

Njirayi idayambira ku maphunziro a madokotala a anthu. M'chaka cha 1990, George Miller wa ku America adagawa luso m'masitepe anayi: kudziwa chinthu, kudziwa kachitidwe kake, kuonetsa kachitidweko, ndi kuchichita pa ntchito. Mayeso olemba amathera pa masitepe awiri oyambawo. Mu 2005, Olle ten Cate wa ku Utrecht m'dziko la Netherlands adati mphunzitsi azidzifunsa ngati angathe kumusiyira wophunzira ntchito inayake, mtima uli m'malo.

Mu 2012, bungwe loona za umoyo wa nyama padziko lonse, lomwe lero limatchedwa WOAH ndipo Malawi ndi membala wake, lidatulutsa mndandanda wa maluso amene dokotala wa ziweto ayenera kukhala nawo tsiku loyamba pa ntchito. Mu 2018, bungwe la sukulu za udokotala wa ziweto la AAVMC ku America lidatulutsa ndondomeko ya maluso 32 m'magawo 9.

Kayesedwe kake

Wophunzira amayesedwa pa ntchito zathunthu za tsiku ndi tsiku, monga kufunsa mwini chiweto mbiri ya matenda, kupima chiwetocho ndi kusanja matenda amene akuwaganizira, kugoneka chiweto ndi mankhwala, kuchita opaleshoni, kapena kuzindikira chiweto chofunika thandizo lamsanga.

Chikhulupiriro chimaperekedwa pang'onopang'ono. Poyamba wophunzira amangoonerera. Kenako amagwira ntchitoyo mphunzitsi ali pambali pake, pambuyo pake mphunzitsi ali chapatali koma woti nkuitanidwa, mpaka amaigwira yekha. Wokhwima amayamba kuyang'anira anzake. Munthu mmodzi akhoza kudaliridwa pa katemera wa ng'ombe koma nkukhala akadali woonerera pa opaleshoni.

Popeza aphunzitsi amasiyana maso, wina wokhwimitsa wina wofewa, chigamulo sichichokera pa tsiku limodzi kapena kwa munthu mmodzi. Zolemba za aphunzitsi angapo pa miyezi yambiri zimasonkhanitsidwa, ndipo wophunzira amauzidwa pompo pamene walakwitsa. Vuto la njirayi ndi lakuti imafuna aphunzitsi ambiri, nthawi, zipangizo ndi ziweto zodwala zamitundumitundu zoti aphunzirirepo.

Kufunika kwake kuno kwathu

M'Malawi, madokotala a ziweto amasulidwa kuyunivesite ya LUANAR, pomwe alangizi a ziweto amaphunzira kusukulu ya Mikolongwe m'boma la Chiradzulu. Mlangizi wotumizidwa kumudzi nthawi zambiri amagwira ntchito kutali ndi labotale komanso kutali ndi wamkulu woti nkumufunsa. Chigodola cha nkhumba chilibe mankhwala, choncho kuchizindikira mochedwa kumapulula makola a mudzi wonse. Galu wa chiwewe akapanda kuzindikiridwa, moyo wa munthu wolumidwa umakhala pachiswe, chifukwa zizindikiro zikayamba kuoneka matendawa sachizika. Luso lozindikira matenda otere limatsimikizika pokhapokha mphunzitsi ataona wophunzira akugwira chiweto ndi manja ake.