Mbiri ya Nthenda Yogwetsa Ng'ombe Zamkaka Zikangobereka

Kalekale alimi a ku Ulaya ankataya ng'ombe zokama bwino chifukwa cha milk fever, nthenda imene imachititsa ng'ombe kunjenjemera, kuzizira makutu ndi kulephera kudzuka ikangobereka. Mu 1897 dokotala wa ziweto wa ku Denmark, Schmidt, anayamba kuthira mankhwala m'bere la ng'ombe zodwalazo, ndipo posakhalitsa zinadziwika kuti kupoperamo mpweya kunkachiritsanso, ngakhale chifukwa chake sichinkamveka. Mu 1925 akatswiri a ku Britain anapeza kuti gwero la nthendayi ndi kuchepa kwa kashiamu m'magazi, mchere umene umatuluka wochuluka ndi mkaka woyamba. M'zaka zotsatira madokotala anayamba kubaya kashiamu mumtsempha pang'onopang'ono, ndipo alimi anaphunzira kupewa nthendayi posamala chakudya cha ng'ombe yoyandikira kubereka.